Ku myuziyamu ya Chamare ndi ana atatu pa tsiku la khamu

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikumva anthu akutamanda myuziyamu ya Chamare, imene ili ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zosemasema pa Mishoni ya Mua, koma onse amene ankandisimbira za malowa anapitako okha kapena ndi akuluakulu anzawo, ndipo panalibe amene akanandiuza mmene zimakhalira munthu ukafikako uli ndi mwana kumsana, wina kudzanja, wina akuthamanga patsogolo. Ife tinapitako Loweruka lina m'mwezi wa Julaye, ndipo tinapezana ndi khamu limene sitinaliyembekezere. Ndikulemba izi makamaka kwa makolo a kuno ku Dedza ndi a ku Ntcheu amene akulingalira zopita kumeneko ndi ana aang'ono, chifukwa malowa ndi oyeneradi kuwaona, koma mmene mwana angapindulire nawo zimadalira kwambiri ola limene mwalowa ndi zimene mwamuuza musanalowe.

Ndinatenga mwana wanga wachisamba, mnyamata wa zaka 8, mlongo wake wa zaka 5, ndi mzime wa zaka 3 amene akatopa amafunabe kuberekedwa. Apongozi anga, agogo a anawa, anavomera kutiperekeza, ndipo mlamu wanga ndi amene anatiyendetsa. Kuchokera pa boma la Dedza tinatsata msewu wa M1 kulowera ku Ntcheu, pa Masasa tinakhotera kumanzere n'kutsika Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, kenako tinalowa mu msewu wa M5 kulunjika ku Salima mpaka pa mphambano ya Mua. Amene amaudziwa msewu wa Khwekhwerere akudziwa kuti ndi wokhotakhota ngati njoka, ndipo mtsikana wanga, amene ndinamukhutitsa phala ndi mbatata tisananyamuke, anabweza zonse tisanafike pansi. Cholakwa china chinali changa chomwe: ndinawaveka ana majuzi ndi zipewa za ku Dedza, kuiwala kuti Mua ili kunsi kwa mapiri, kumene ngakhale m'nyengo yozizira dzuwa la masana limatentha. Tinafika ana ali thukuta kamukamu, majuzi onse atatu ali m'manja mwanga.

Pabwalo tinapeza mabasi awiri ndi lole imodzi, zonse zitabweretsa ana a sukulu ovala yunifolomu, ndipo panalinso gulu la amayi a mpingo wina ovala zitenje zofanana pamodzi ndi azungu ochepa. Sindinadabwe nditaganizira bwino, popeza sukulu zinali pafupi kutsekera ndipo ndiyo nthawi imene aphunzitsi amakonda kupita ndi ana kukaona malo. Mlamu wanga atangoona chinamtindi cha anthucho ananena kuti iye alondera galimoto, ndipo anakhala pa mthunzi ndi wailesi yake mpaka madzulo. Choncho tinatsala akuluakulu awiri pa ana atatu, chiwerengero chimene ndinadzazindikira pambuyo pake kuti n'chosakwanira.

Mishoni ya Mua inayamba mu 1902 pamene ansembe a chipani cha White Fathers anafika m'derali, limene lero lili pansi pa Inkosi Kachindamoto. Malo a Kungoni anawayambitsa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher ochokera ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, ndipo ntchito yoyamba inali yophunzitsa ndi kulimbikitsa amisiri osema. Dzina lakuti Chamare ndi mmene anthu a kuno ankatchulira wansembe wina wakale wa pa Mua, Bambo Champmartin. Chimene chimandichititsa chidwi pa mbiri imeneyi n'chakuti m'zaka za m'ma 1920 amishoni ndi eni gule ankalimbana koopsa m'dera lomweli, wina kukokera ana ku sukulu, wina kuwakokera ku dambwe, koma lero pa mishoni yomweyo ndi pamene pasungidwa nkhope za gule wamkulu zoposa 400. Apongozi anga, amene anakulira m'mudzi wa mzinda (mudzi wokhala ndi gule wakewake) ndipo anabatizidwa ali kale ndi ana awiri, anangopukusa mutu nditawauza zimenezi.

Chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, alendo ankalowa m'magulumagulu, ndipo ife tinadikira panja pafupifupi mphindi 40. Kudikira kumeneku ndinkakuopa, koma kunakhala gawo limodzi labwino kwambiri la tsikulo. Makoma a kunja kwa myuziyamu ajambulidwa zithunzi zazikulu zamitundu yowala zofotokoza mbiri ya dziko lathu, ndipo mwana atha kuziona popanda womutchinga, kubwerera m'mbuyo, kuloza ndi kufunsa mokweza popanda womutontholetsa. Ana atayamba kutopa, agogo awo anawakhazika pa udzu n'kuwasimbira nthano ya pa Kaphirintiwa, yakuti Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, nakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto, tchire n'kupsa, nyama n'kuthawa, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, bilimankhwe atapulumukira mu mtengo. Sanadziwe kuti akundithandiza, koma nthano imeneyi ndiyo inakhala chingwe chimene ana anagwira atalowa m'chipinda cha gule, pakuti kumeneko nyama, anthu ndi mizimu zimakumananso.

Myuziyamuyi ili ndi zipinda zitatu. Choyamba chikufotokoza za kubwera kwa amishoni ndi mmene chikhristu chinakumanirana ndi zikhulupiriro za eni dziko, ndipo ndi chipinda cha munthu wowerenga, chodzaza ndi zithunzi ndi mawu. Wamkulu atha kutheramo ola lathunthu mokondwa. Ife tinalowamo pambuyo pa kalasi yathunthu ya ana a sitandade 7, ndipo ndinazindikira msanga chinthu chimene ife akuluakulu timaiwala: mwana wa zaka 3 akakhala pakati pa khamu saona chionetsero ayi, amaona miyendo, misana ndi zikwama za anthu. Ndinamunyamula kuti aone, koma chimene anaona chinali zithunzi za anthu andevu amene sanamukhudze mpang'ono pomwe. Tinadutsa mofulumira.

Pa khomo la chipinda chachiwiri apongozi anga anaima. Anandigwira mkono n'kundifunsa chapansipansi kuti, “Apongozi, kodi anawa tikulowa nawo ndithu?” Ndinawamvetsa. Iwo anakula akudziwa kuti chilombo chikatuluka, mkazi ndi mwana wosameta amathawira m'nyumba, ndipo zinthu za ku dambwe sizikambidwa pagulu. Ine ndine Mngoni wa cha ku Lizulu, ndipo ngakhale ndakhala pakati pa Achewa zaka zambiri, mantha amenewo sanandilowe m'mafupa monga iwo. Ndinawayankha kuti, “Amayi, ngati mwaona kuti n'kosayenera, tibwerere.” Anakhala chete kanthawi, kenako anamanga chitenje chawo mwamphamvu n'kulowa patsogolo pathu. Ndikutchula zimenezi chifukwa kholo lililonse la Chichewa liyenera kuyankha funso limeneli lisanachoke kunyumba, osati pa khomo pamene anthu makumi atatu akukukankha kumbuyo.

Chipinda chimenechi ndicho mtima wa malo onse, ndipo sindinaonepo chofanana nacho. Nkhope zimayambira pansi mpaka pamwamba pamene khosi limachita kupweteka poyang'ana, zakuda, zofiira, zachikasu, zina za nthenga, zina za ubweya, zina zotong'ola maso, zina zoseka ndi mano otuluka. Ndaonapo gule pa maliro ndi polonga mfumu, koma pa bwalo chilombo chimabwera chimodzi kapena ziwiri, chili m'fumbi, chikuthamanga, ndipo munthu umaonera patali. Pano zonse zili chete pamalo amodzi, zikukuyang'ana. Mnyamata wanga, amene kusukulu amadzitama kuti saopa kanthu, anabwerera m'mbuyo mpaka anaponda phazi la mayi wina wa mpingo uja, kenako anafunsa mokweza kuti, “Agogo, ndiye kuti zilombo zija zimagona muno?” Ana a sukulu anaseka. Agogo ake sanaseke, anangoti, “Zikupuma, mwanawe. Usaloze chala.” Ndinaona kuti yankho limenelo linamukwanira, ndipo ine sindikanatha kupeza lina loposa pamenepo.

Bambo amene ankatifotokozera ndiyenera kuwayamikira mwapadera, chifukwa ntchito yawo tsiku limenelo inali yolemetsa. Anali ndi ana a sukulu ofuna kulemba m'makope, amayi ofuna kufunsa, ndi ana anga ofuna kugwira, koma anafotokoza modekha tanthauzo la chilombo chilichonse popanda kuulula zimene zili za ku dambwe. Anationetsa Chadzunda, nkhalamba ya nkhope yakuda imene imatengedwa ngati tate wa gule, ndi Maliya, wa mphini kumaso, amene amaimira ulemu ndi khalidwe la mkazi wabwino. Anationetsa Simoni wa nkhope yofiira, amene amaseka mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo apa azungu aja anaseka kuposa wina aliyense. Pa Kasiyamaliro, chinyama chachikulu chonga mphalapala chimene chimaperekeza womwalira, anatsitsa mawu, ndipo ngakhale ana a sukulu anatonthola. Mfundo imene anaibwereza kangapo, imenenso ndikanakonda kuti achinyamata ambiri aimve, inali yakuti gule ndi sukulu ya makhalidwe: chilombo chonyansa nthawi zambiri chimakhala chikudzudzula chidakwa, wachiwerewere, waumbombo kapena mfumu yosamva za anthu, ndipo eni gule amapitiriza kupanga zatsopano molingana ndi zimene zikuchitika m'mudzi. Anatikumbutsanso kuti mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira gule wamkulu ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, chimene Malawi amagawana ndi Zambia ndi Mozambique.

Zonsezi ndinazimva ndi khutu limodzi, chifukwa mzime anali atayamba kulira. Sindikhulupirira kuti nkhope zokha ndizo zinamuopsa. Kunali kutentha kwa anthu ambiri pamalo amodzi, phokoso la mawu ochuluka, ndi kukankhidwa uku ndi uku, ndipo pamwamba pa zonsezo maso ambirimbiri akumuyang'ana kuchokera m'mwamba. Anabisa nkhope pakhosi panga n'kumangoti tizipita kwathu. Pamene ndinkamasula chitenje kuti ndimubereke, ndinasiya dzanja la mtsikana, ndipo nditatembenuka sindinamuone. Ndinamuveka diresi ya buluu m'mawa umenewo, yofanana ndendende ndi yunifolomu ya imodzi mwa sukulu zija, moti paliponse pamene ndinayang'ana panali mwana wanga koma osati iye. Mwina zinatenga mphindi ziwiri zokha, koma mtima unagunda ngati ng'oma ya mbalule. Mphunzitsi wina wamkazi ndi amene anamupeza atakhala pansi mwakachetechete kutsogolo kwa Maliya, akuwerenga mphini ndi chala m'mwamba. Anandiuza kuti, “Mayi, mwana wanu uyu, sanasochere, amangophunzira.” Ndinathokoza mwamanyazi, ndipo pomwepo ndinaganiza zoti tituluke.

Ganizo limenelo ndilo linapulumutsa ulendo wathu. Tinapempha bambo otifotokozera aja ngati tingabwererenso anthu akachepa, ndipo anavomera mosavuta. Tinakakhala pa mthunzi m'munda wa mitengo ndi maluwa umene uli pamalopo, cha kumene kumamveka madzi a mtsinje wa Nadzipokwe, n'kudya mbatata ya kachewere yokazinga ndi nthochi zimene tinatenga kunyumba. Mzime anagona pa chitenje. Apa ndichenjeze kuti malowa ali ndi zitunda ndi potsetsereka polowera kumtsinje, choncho mwana wothamanga asachoke m'maso mwanu ngakhale mukudya. Itakwana cha m'ma 1 koloko mabasi analiza hutala, ana a sukulu anakwera, ndipo bwalo linangoti zii.

Titalowanso kachiwiri tinali ife tokha ndi banja lina limodzi. Tinakhalamo mphindi zosapitirira 20, koma zinaposa ola lonse la m'mawa. Mzime, atagona n'kukhuta, anayenda yekha atagwira chala cha agogo ake, ndipo anayamba kutchula nyama zimene ankazizindikira: njovu, ng'ombe, nyani. Mtsikana anafuna kudziwa chifukwa chake Maliya sakwiya pamene ena onse akwiya. Mnyamata anafunsa za Makanja, wamtali uja amene anamuonapo patali kumudzi kwa bambo ake, ndi za Kapoli wa nthenga kumutu. Koma amene anandidabwitsa ndi apongozi anga. Anthu atachoka, iwo ndi amene anasanduka mphunzitsi, kuima pa nkhope imodzi ndi kuyimba chapansipansi nyimbo imene amayi amayimbira chilombocho pa bwalo, kenako n'kusunthira pa ina. Panali zina zimene anazidutsa osanena kanthu, ndipo ine sindinafunse. Ngakhale bambo otifotokozera aja anaima n'kumamvetsera, ndipo pa nkhope ina anawafunsa mmene amaitchulira kwawo, popeza mayina ndi nyimbo zimasiyana mudzi ndi mudzi.

Chipinda chachitatu, cha Angoni ndi Ayao, ndinachilowa ndi kunyada pang'ono, ndivomere. Mnyamata wanga atangoona zishango za chikopa, mikondo ndi zibonga anaiwala zilombo zonse, ndipo ndinapeza mpata womuuza kuti mbali ina ya magazi ake ndi ya anthu amenewa, a Maseko, amene anachokera kummwera kwa Africa, ndiponso kuti Inkosi Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Anandifunsa chifukwa chake ine sindiyankhula Chingoni, ndipo ndinamuyankha zoona, kuti chiyankhulocho chinatsalira makamaka m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina a mafuko, chifukwa makolo athu anakwatira akazi a kuno ndipo ana anatenga chiyankhulo cha amayi awo. Gawo la Ayao, lofotokoza za jando, nsondo, malonda a kunyanja yamchere ndi Chisilamu, tinalidutsa mothamanga chifukwa mzime anali atafuna kuchimbudzi. Ndikudandaula kuti sindinaliwerenge, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zobwererako.

Tisanachoke tinapita kumene amisiri amasema, ndipo ngati mwana wanu sanakondwe ndi china chilichonse, apa adzakondwa. Ana anaima nthawi yaitali kuonerera bambo wina akusandutsa chipika kukhala munthu ndi kasemasema, zipalapasiro zikugwa pansi, ndipo bamboyo anapatsa aliyense kachidutswa ka mtengo kuti anunkhize. Mosiyana ndi m'myuziyamu, pano pali chinthu choyenda, phokoso ndi fungo, zimene mwana wamng'ono amamva msanga kuposa mawu olembedwa pakhoma. M'chipinda chogulitsira zosema, komabe, ndinabereka mzime ndi kugwira mtsikana mwamphamvu, pakuti muli ntchito zina zazikulu ndi zosalala zimene mtengo wake sindikanaukwanitsa mwana akanagwetsa. Tinagula kabilimankhwe kakang'ono, chifukwa cha nthano ya agogo ija, ndipo anakalimbirana njira yonse yokwera Khwekhwerere.

Kodi ndalama yolowera ndi ya mafuta inapita pachabe? Ayi ndithu. Pa malo onse a chikhalidwe amene ndapitako m'boma lathu lino, awa ndi amene amafotokoza zinthu mozama kwambiri. Zojambula za pa miyala ku Chongoni, zimene zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006 ndipo zili pa malo 127, n'zamtengo wapatali, ndipo zina mwa izo n'zokhudza nyau ndi chinamwali chomwechi, koma kukafika pa mapanga ake kumafuna kukwera phiri, ndipo mwana wamng'ono akafika amangoona mizere pa thanthwe. Ku Mua zinthu zili pafupi, pa mthunzi, ndi munthu wofotokoza. Komabe sindinganene kuti msinkhu uliwonse umapindula mofanana. Wa zaka 8 anatenga zambiri ndipo mpaka lero akufunsabe mafunso. Wa zaka 5 anatenga chinthu chimodzi chokha, Maliya, koma anachitenga ndi mtima wonse. Wa zaka 3 anapindula ndi udzu, nthochi ndi kabilimankhwe, zimene akanazipeza ngakhale kunyumba.

Amene mukufuna kupita, yambani mwafunsa a ku Kungoni ngati tsiku limenelo kukubwera sukulu, ndipo ngati mungathe sankhani pakati pa sabata, kutali ndi masiku otsekera. Mukapezana ndi khamu monga ife, musalimbane nalo: yambani ndi zithunzi za kunja, amisiri ndi munda, ndipo mulowe mabasi akachoka. Mwana aliyense wosakwana zaka 6 akhale ndi wamkulu wakewake, avale chovala chowala chosafanana ndi yunifolomu ya sukulu iliyonse, ndipo apite kuchimbudzi musanalowe. Musayese kumaliza zipinda zonse zitatu ndi kuwerenga khoma lililonse, chifukwa mwana ali ndi mphamvu za chipinda chimodzi chokha, ndipo n'kwabwino kuti mphamvuzo zithere pa chipinda chimene mwasankha inu. Ndipo ngati m'banja mwanu muli agogo amene anavinidwa kapena kukulira pa mzinda, atengeni, ngakhale atakana poyamba.

Ine ndakonza zobwererako chaka chamawa, Lachitatu lina m'mawa, ndi ana awiri akuluwo. Nditauza apongozi anga kuti mzime ndidzamusiya kwa iwo, anandiyang'ana n'kunena kuti ndifune wina womulera tsiku limenelo, chifukwa pali nkhope za m'mwamba zimene sanazione bwino, ndipo ulendo uno adzatenga magalasi awo.